Kuyendetsa chipatala ndi ntchito yofunika kuiphunzira

Ana athu akamasankha maphunziro a kuyunivesite, amene amakhoza sayansi amathamangira udokotala, unamwino kapena za mankhwala. Amene mtima wawo uli pa bizinesi amalota za kubanki, kukampani ya mafoni kapena ku MRA. Ndi ochepa amene amaganiza zophunzira bizinesi n'cholinga chokagwira ntchito kuchipatala, ndipo makolo akamva zimenezi amafunsa kuti wowerengera ndalama akatani pakati pa odwala. Ine ndikuti dziko lino likusowa kwambiri anthu otere, ndipo kusowa kwawo kukutayitsa miyoyo.

Taonani zimene zimachitika m'zipatala za boma. Dokotala amapima wodwala bwinobwino n'kumulembera mankhwala m'kabuku, koma wodwalayo akafika pawindo amauzidwa kuti mankhwalawo atha, akagule yekha. Mayi woyembekezera wavutika pachipatala chaching'ono cha kumudzi ndipo akufunika kuthamangira naye kuboma. Ambulansi ilipo, dalaivala alipo, mafuta palibe. Magetsi azima, jenereta inawonongeka kalekale ndipo palibe amene anaitanitsa chitsulo chake. Mavuto onsewa sangathe ndi luso la opaleshoni. Ndi nkhani za bajeti, kagulidwe ka katundu, kaundula wa za m'nkhokwe, kulipira ngongole pa nthawi yake ndi kugawa antchito. Zimenezi zili ndi maphunziro ake, ndipo maphunziro ake ndi a bizinesi.

Koma ife timachita chiyani? Timatenga dokotala amene watha zaka zosachepera zisanu akuphunzira thupi la munthu, n'kumukhazika mu ofesi kuti azisaina mapepala a ndalama, kuweruza milandu ya antchito ndi kukhala pa misonkhano ya khonsolo. Sukulu yathu ya udokotala inatsegulidwa mu 1991, ndipo mpaka lero madokotala ndi ochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu. Dokotala aliyense amene tamutsekera mu ofesi tamulanda kwa odwala, ndipo tamupatsa ntchito imene sanaiphunzire mokwanira. Taluza kawiri. Alipo madokotala amene amayendetsa bwino zipatala, ndipo ndimawalemekeza, koma dziko silingadalire mwayi woti munthu anabadwa ndi mphatso ziwiri. Maudindo a oyang'anira zipatala alipo kale m'boma, koma eni ake nthawi zambiri amaonedwa ngati anthu ongosamala za galimoto, chakudya ndi alonda, osati atsogoleri oganiza nawo za tsogolo la chipatala.

Ndalama za zaumoyo n'zochepa, ndipo n'chifukwa chake kuziyendetsa mwaluso kuli nkhani ya moyo ndi imfa. Mu 2001, atsogoleri a mayiko a mu Africa analonjeza ku Abuja kuti azipereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, koma ife zaka zambiri sitifikapo. Ndalama zoposa theka zimene zimagwira ntchito zaumoyo muno zakhala zikuchokera kwa abwenzi akunja, ndipo mu January 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake mwadzidzidzi, tinaona kuopsa kodalira thumba la mnzako. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, pamene mankhwala ambiri timagula kunja. Pa nthawi ngati imeneyi, chipatala chimafunika munthu wodziwa kuwerengetsa kuti mankhwala a malungo adzafunika ochuluka bwanji dzinja likubwerali, n'kuitanitsa ku Central Medical Stores Trust asanathe, komanso wodziwa kuti bokosi liti litha mphamvu mwezi wamawa kuti alitumize kumene likufunika lisanaonongeke.

Tisaiwalenso za kuba. Mu 2021, kafukufuku wa K6.2 biliyoni zolimbana ndi Covid-19 anaonetsa ndalama zambiri zikuthera m'maalawansi ndi m'kagulidwe kokayikitsa, mpaka nduna ina inachotsedwa ntchito. Mankhwala a boma akhala akupezeka m'misika ndi m'timakiliniki ta anthu. Wakuba amakonda malo amene mabuku sagwirizana ndi zimene zili pa shelefu. Kumene kuli woyang'anira wowerenga katundu mwezi ndi mwezi, wofunsa chifukwa chimene mankhwala otuluka akuposera odwala olembedwa, dzanja lalitali limachita mantha.

Ena akuti kulowetsa anthu a bizinesi m'zipatala n'kutsegulira khomo mtima wofuna phindu, ndipo mapeto ake wosauka adzabwezedwa pakhomo chifukwa alibe ndalama. Mantha amenewa ndi oona ndipo sindikuwapeputsa. Ku America amawononga pafupifupi 17 peresenti ya chuma cha dziko pa zaumoyo, koma anthu mamiliyoni alibe inshuwalansi ndipo ambiri amalowa m'ngongole akadwala. Njira imeneyo sitikuifuna. Koma luso lowerengera ndalama limatumikira cholinga chimene walipatsa. Ku Madurai m'dziko la India, Dr Govindappa Venkataswamy anayambitsa chipatala cha maso cha Aravind mu 1976. Chifukwa chokonza ntchito mwadongosolo ndi kuchepetsa zowonongeka, ndalama za odwala olipira zimathandiza kuti osauka ochuluka achitidwe opaleshoni ya ng'ala mwaulere kapena pa mtengo wochepa. Kuno kwathu, zipatala za mishoni za CHAM monga Nkhoma, Ekwendeni, Mulanje Mission ndi St Luke's zimakhala pampanipani tsiku ndi tsiku: ziyenera kutolera kangachepe kuti ntchito iyende, komanso ziyenera kuthandiza amayi oyembekezera ndi ana mwaulere pa mgwirizano ndi boma, ngakhale malipiro a boma atachedwa. Chipatala chotere chikapanda woyang'anira waluso ndi wachifundo chimatseka mawodi, ndipo wovutika ndi wosauka yemweyo.

Ena akuti boma likulephera kulemba ntchito anamwino amene anatsiriza kale maphunziro, ndiye lilembe bwanji anthu a mu ofesi? Yankho langa ndi lakuti namwino wopanda magolovesi, wopanda madzi m'wodi, amene malipiro ake a maola owonjezera akhala miyezi osabwera, amafooka kapena kuchoka. Woyang'anira mmodzi wodziwa ntchito amachititsa kuti anamwino ambiri agwire ntchito yawo.

Ndiye pachitike chiyani? Kuyambira 2021, KUHeS ya zaumoyo ndi MUBAS ya bizinesi ndi mayunivesite oima paokha, ndipo ku Blantyre ayandikana, pafupi ndi chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth. Agwirane manja pa maphunziro oyendetsa zipatala. Wophunzira adziwe kuwerengera ndalama, malamulo a kagulidwe ka katundu wa boma ndi kasamalidwe ka antchito, koma asalandire digiri asanagwireko ntchito m'nkhokwe ya mankhwala, asanachezereko usiku m'wodi ya amayi, asanayendeko m'mudzi ndi mlangizi wa zaumoyo. Munthu amene waona mwana akupuma movutikira chifukwa mpweya wa okosijeni watha sangachedwetsenso pepala loitanitsa mpweyawo.

Unduna wa Zaumoyo ndi makhonsolo akonze makwerero a ntchitoyi kuti woyang'anira wabwino azikwezedwa mpaka pamwamba, azisankhidwa poona luso osati chipani kapena chibale, ndipo apatsidwe mphamvu zenizeni pa ndalama pamodzi ndi udindo woyankha zikasokonekera. Zokhudza chithandizo cha wodwala zikhale m'manja mwa madokotala ndi anamwino, ndipo pamenepo wa bizinesi asalowererepo. Zokhudza katundu, ndalama ndi dongosolo zikhale m'manja mwa amene anaziphunzira.

Kwa inu achinyamata amene mukuphunzira bizinesi, lingalirani za chipatala. Malipiro ake mwina sangafanane ndi a kubanki, ndipo mudzakumana ndi anthu ofuna kuti musaine zimene simuyenera kusaina. Ngati mukufuna kulemera msanga, pitani kwina, chifukwa akuba m'zipatala atikwana kale. Koma ngati mukufuna kuti luso lanu la manambala lipulumutse anthu, maboma onse 28 a dziko lino akukufunani.