Magazi Ndi Athu, Zotsatira Tizimvenso M'Chichewa

Kwa zaka zambiri tsopano anthu a ku Ndirande, Chilomoni, Bangwe ndi Zingwangwa akhala akupereka magazi awo kwa akatswiri ofufuza za matenda. Ine ndikuona kuti ntchitoyi ndi yofunika, koma ofufuzawo ali ndi ngongole kwa eni magazi: kuwafotokozera m'chinenero chawo zomwe akufuna ndi zomwe apeza.

Phindu la kafukufuku sitingalikane. M'chaka cha 2018 bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome linayesa katemera wa taifodi pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa. Mwana akatentha thupi ankamuyeza magazi kuti aone ngati muli tizilombo ta matendawa. Zinapezeka kuti katemerayu amachepetsa taifodi ndi magawo pafupifupi 80 pa 100 alionse, ndipo mu 2023 boma linayamba kumupereka m'dziko lonse. Komanso m'chaka cha 2000 mwana wobadwa m'Malawi ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka pafupifupi 45, pomwe pofika 2019 zakazi zinali zitapitirira 60. Mankhwala aulere a ma ARV, omwe anayamba kuperekedwa mu 2004, anathandiza kwambiri.

Komabe pomwe palibe kufotokoza komveka, mphekesera imamera. Tisaiwale za anamapopa mu 2017, pomwe anthu angapo anaphedwa ku Mulanje mpaka ku Blantyre konkuno powaganizira kuti amapopa magazi. M'dera lomwe mantha otere alipo, kutenga magazi a mwana si nkhani yaing'ono.

Apa ndi pomwe ife ophunzira zinenero tikukhudzidwa. Mawu akuti "asilikali a m'thupi" anathandiza anthu ambiri kumvetsa chifukwa choyezera CD4. Nanga CRP, yomwe chiwindi chimatulutsa yochuluka thupi likamalimbana ndi matenda, tiitcha chiyani? Nanga mahomoni? Choopsa koposa ndi mawu akuti "majini". Wofufuza akawatchula amatanthauza tinthu ta m'thupi tomwe mwana amatengera kwa makolo ake, koma agogo angamve kuti akunena mizimu yovutitsa anthu. Kodi mayi amene wadinda chala pa chikalata chomwe sanachimvetse tinganene kuti wavomereza?

Ena amati sayansi ndi yozama moti Chichewa sichingaisenze. Ine sindikuvomereza. Chinenero chimakula ndi ntchito yomwe eni ake achipatsa, ndipo ngati tinapeza "asilikali a m'thupi" tingapezenso mawu ena.

Choncho ndikupempha kuti akatswiri a Kamuzu University of Health Sciences ndi a zinenero akhalire pamodzi n'kukonza mawu amenewa, kenaka akawayese pa anthu a m'makwalala ngati akumveka. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo kafukufuku akatha, zotsatira zisathere m'mabuku a Chingerezi okha. Zibwererenso ku Ndirande komwe magaziwo anachokera.