Ana Athu a ku England Tiyambe Tawapatsa Mpata

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi makolo anzanga amene ana awo angopita kumene kukagwira ntchito ku England, makamaka anamwino. Mwana asanathe ndi mwezi womwe, ife tayamba kale kumuvutitsa kuti atumize ya feteleza. Kodi tikudziwa zimene akuona kumeneko?

Asanalandire makiyi a nyumba amayamba walipira chikole. Lamulo la m'chaka cha 2019 limalola mwininyumba kutenga chikole chofika lendi ya masabata 5, kuwonjezera pa lendi ya mwezi woyamba. Palinso msonkho wa khonsolo, magetsi ndi gasi wotenthetsera m'nyumba. Mwezi wa Disembala ku Manchester dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo woyandikana naye khomo sabwera kudzamulonjera monga timachitira kuno. Mwana wokulira pakati pa abale amasungulumwa koopsa.

Choncho makolo, pomuimbira foni tiziyamba tamufunsa ngati wapeza anzake ocheza nawo. Inunso abusa ndi ansembe, mupatseni kalata ya mpingo asananyamuke, kuti akakafika akalandiridwe ndi akhristu anzake. Ndalama adzatumiza akakhazikika. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Ntcheu.