Thangata wa pa siteji ya UCB

Ndatopa kumva mbiri ya Upright Citizens Brigade ikukambidwa ngati nthano ya anthu anayi olimba mtima. Amy Poehler, Matt Besser, Ian Roberts ndi Matt Walsh anachoka ku Chicago mu 1996 kupita ku New York atanyamula luso lomwe anaphunzira kwa Del Close. Mu 1998 anayamba kuoneka pa Comedy Central, mu 1999 n'kutsegula nyumba yawoyawo ya zisudzo. Zonsezi n'zoona. Koma okamba nkhaniyi amadumpha anthu amene ankadzaza siteji ija usiku ndi usiku.

Lusolo sindikulinyoza ayi. Sewero lomwe amalitcha Harold n'lodabwitsa: woonerera mmodzi amaponya liwu limodzi, gulu n'kuumba sewero la pafupifupi theka la ola popanda cholemba chilichonse, nkhani zitatu zosiyana zikubwererabwerera mpaka zitakumana kumapeto. Lamulo lake lalikulu n'lakuti mnzako akayambitsa chinthu usamutsutse, vomera kenako wonjezerapo. Ineyo bandulo yanga imathera pa YouTube chifukwa cha zimenezi.

Koma taonani. Kwa zaka pafupifupi 20, osewera a pa UCB sankalipidwa, chonsecho pakhomo anthu ankagula matikiti. Kuti ulowe m'gulu la Harold unkayamba wadutsa makalasi awo, olipira madola mazanamazana. Ukalowa, wokuphunzitsani poyeserera munkamusonkhera nokha za m'thumba. Ameneyu si thangata, abale?

Nkhaniyi itabuka mu 2013, eni ake anadziteteza kuti matikiti ndi otchipa, nyumbayo siipanga phindu, ndipo siteji ndi mwayi woti akuluakulu a pa TV akuone. Ena anaonedwadi, monga Aubrey Plaza ndi Kate McKinnon. Nanga mazana ena aja? Ndipo ndani angasewere ulere zaka zisanu mumzinda wa lendi yoboola m'thumba ngati New York, kupatula mwana wa anthu opata? Wosauka waluso ankangogwa m'njira mwakachetechete. Ife omaliza ku koleji nyimboyi timaidziwa bwino, ija ya gwirani kaye ulere muzolowere ntchito, zabwino zili m'tsogolo.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi lamulo lija. Munthu wamuphunzitsa zaka ndi zaka kuti kukana n'kupha sewero, ndiye tsiku lina umupemphe kuti asewere popanda malipiro. Ayankha kuti chiyani?

Mu April 2020 Covid itavuta, UCB inatseka malo ake a ku New York. Mu 2022 eni ake anaigulitsa. Chomwe ogulawo ankafuna ndi dzina, ndipo dzinalo analikuza ndi anthu aja ankabwerera kunyumba pakati pa usiku atalipira okha ya sitima.