Kuomba m'manja kukatha, katswiri wa nkhonya amatsala ndi yani?

Pa 28 November 1980, mumzinda wa San Diego, Lottie "Gunduzani" Mwale wa ku Zambia analimbana ndi Matthew Saad Muhammad pofuna kumulanda lamba wa WBC. Mwale anagwa m'ndime yachinayi. Komabe mapeto a amuna awiriwa sanasiyane kwenikweni. Mwale anamwalira mu 2005 atazunzika ndi matenda a Parkinson, ndipo Saad Muhammad anafika pogona m'nyumba yosungiramo anthu osowa pokhala ku Philadelphia asanamwalire mu 2014.

Vutoli si lachilendo kwa madokotala. Kale mu 1928, Harrison Martland wa ku America anafotokoza za ankhonya oyenda dzandidzandi ndi olankhula mododa ngati oledzera, chikhalirecho sanalawe dontho la mowa. Nkhonya ikatera pachibwano, mutu umapotoka mwadzidzidzi, ubongo n'kugwedezeka mkati mwa chigaza. Zimenezi zikachitika kwa zaka zambiri, pabwalo ndi pokonzekera pomwe, munthu amayamba kuiwalaiwala, kupsa mtima msanga ndi kukhala wokhumudwa. Jerry Quarry anamwalira mu 1999 ali ndi zaka 53 zokha, atalephereratu kudzisamalira.

Sikuti matenda onse a maganizo amachokera ku zibakera. Frank Bruno, yemwe anatenga lamba wa WBC mu 1995, anagonekedwa m'chipatala mu 2003 ndipo anapezeka ndi matenda a bipolar. Chomwe chimawawitsa nkhaniyi n'chakuti ulemerero, ndalama ndi abwenzi zimachoka nthawi imodzi, pamene munthuyo akuzifunitsitsa.

Kwathu kuno chilonda chimanyerezedwa ndi malilime. Katswiri wakale akayamba kuyankhula yekha pamsika, anthu amathamangira kunena kuti analodzedwa kapena chamba chamuzunguza mutu. Potero abale amazungulira naye kwa asing'anga, m'malo mopita naye ku Chainama kapena ku chipatala cha matenda a maganizo cha Zomba.

Walira mvula walira matope. Mabungwe oyendetsa nkhonya ndi okonza mipikisano, amene amadyerera munthu akagwetsa mnzake, ayenera kupatula gawo la ndalama za mpikisano uliwonse kuti likhale thumba la chithandizo cha opuma. Ayeneranso kuunika ubongo wa wankhonya chaka ndi chaka, ndi kumulanda chiphaso msanga zizindikiro zikaoneka, ngakhale iye mwini atachonderera kuti alibe njira ina yopezera chakudya. Kumukaniza n'kowawa, koma kumulola n'kumugulitsa.