Kodi Krisimasi Njayani?

M'dziko la Mfumu Kapichila, m'boma la Lundazi, tsiku la 25 December limafika pa nyengo yobvuta koposa m'caka conse. Mvula iri mkati, udzu ukupikisana ndi cimanga m'minda, ndarama za thonje ndi za mtedza zinatha kale, ndipo nkhokwe za mabanja ambiri zayamba kuoneka pansi. Koma pa tsiku lomweli pali lamulo losalembedwa limene lakula mphamvu kuposa la mfumu, lakuti nyumba iri yonse iphike mpunga ndi nkhuku, mwana ali yense abvale catsopano, ndipo mwamuna ali yense aledzere. Wolephera kutero amabindikira m'nyumba monga munthu wopalamula mlandu. Lamulo limeneli nloipa, ndipo liyenera kutsutsidwa poyera, pakuti lalanda Krisimasi m'manja mwa eni ace.

Eni ace a tsikuli ndani? Mwa alembi anai a Uthenga Wabwino, Mateyu ndi Luka ndiwo anasimba za kubadwa kwa Yesu, ndipo mu mbiri yao mulibe phwando. Muli mmisiri wa ku Nazarete ndi mkazi wapakati, amene anayenda ulendo wocepa pang'ono poyerekeza ndi wocokera ku Lundazi kunka ku Chipata, cifukwa Kaisara Augusto analamula kalembera. Muli mwana wogonekedwa modyera ziweto popeza malo anasowa. Oyamba kumva za iye anali abusa ogona kudambo ndi nkhosa zao. Pokampereka ku kacisi wa ku Yerusalemu makolo ace anapereka mbalame ziwiri, ndiyo nsembe imene cilamulo ca Mose cinaloleza mkazi wosakhoza kugula mwana wa nkhosa. Pambuyo pace banjali linathawira ku Aigupto poopa Herode. Cotero banja limeneli likadakhala kwa Kapichila lero lino, likadakhala limodzi la mabanja obisala m'nyumba aja.

Nkhani ya kalembera iyenera kulingaliridwa bwino. Kaisara sanafune kudziwa Yosefe. Anafuna kudziwa ciwerengero ca mitu, kuti msonkho wace usaperewere. Anthu a ku Lundazi kuwerengedwa kotere amakudziwa. M'masiku a atsamunda amuna a kuno ankalembedwa m'buku la msonkho, napita ku Migodi, ku Wankie, ku Salisbury ndi ku Joni ndi citupa m'thumba. Kumeneko munthu ankadziwika ndi nambala yace, ndipo akafa pa nchito malo ace analowa wina m'mawa mwace. Ena anasanduka machona, maina ao naiwalika ngakhale kumudzi. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa mamiliyoni 19 m'Zambia, ndipo boma licita bwino kuwerenga anthu ace kuti lidziwe pomanga sukulu ndi cipatala. Koma palibe buku la kalembera limene lidziwa cimene cimamsowetsa tulo mkazi wamasiye.

Apa ndipo pagona tanthauzo la Krisimasi. Makolo akale sanali osadziwa Mulungu. Acewa ankamchula Cauta ndi Namalenga, Atumbuka ankati Ciuta, ndipo pa nthawi ya cilala ankampempha mvula kudzera mwa mizimu ya makolo ao, monga munthu wamba afikira mfumu kudzera mwa nduna. Cacilendo cimene aphunzitsi a ku Chasefu ndi ansembe a ku Lumezi anadza naco ndi ici, cakuti Mwini thambo anatsika yekha, nakhala khanda lofuna kuyamwitsidwa ndi kuberekedwa kumbuyo, lokhala ndi dzina, mudzi ndi pfuko. Mateyu anayamba buku lace ndi mndandanda wa maina a makolo a Yesu, ndipo mwa iwo muli Rahabu wa mbiri yoipa ndi Rute mlendo wa ku Moabu. Mulungu wolowa m'mbumba yotere sakonda anthu mwacigulu monga wogula thonje akonda mabelo. Amakonda munthu mmodzi mmodzi, namdziwa ndi dzina lace, ngakhale amene mudzi wonse unamtaya. Ngati ciphunzitso cimeneci ncoona, Krisimasi imene imcititsa manyazi mmphawi iri bodza lonenera Mulungu.

Zipatso za bodzali zimaoneka m'mwezi wa January. Alipo amuna amene amagulitsa thumba la feteleza, kapena nkhuku yomariza ya pakhomo, kuti apeze ca mowa wa masiku awiri. Munda umafiira, ndipo njala ya caka camawa imabzalidwa pa tsiku la kubadwa kwa Mpulumutsi. Alipo amai amene amatenga kaloba kuti mwana asasekedwe ndi anzace, nabweza ngongoleyo ndi ganyu m'minda ya ena pamene munda wao ukumera chire. Kuyambira 2022 boma linacotsa malipiro a sukulu, koma yunifolomu, makope ndi nsapato zikali pa mutu wa kholo, ndipo mwana amene anabvala zonyezimira pa Krisimasi amapezeka alibe colembera. Usiku wa phwandolo umatha ndi ndeu, mabala ndi milandu pabwalo. Mabwenzi a pa mowa aja nawonso sakhalitsa; cao ndi cikondi ca nkhwangwa, cokoma pokwera.

Mlandu waukulu koposa uli pa alaliki ena amene amaphunzitsa kuti cuma ndico cizindikiro ca cikondi ca Mulungu, ndi kuti wopereka zambiri kwa mbusa adzalandira zambiri kumwamba. Muyeso umenewu ukayesedwa pa Mariya, iye apezeka wosakondedwa, pakuti anabalira m'khola. Ukayesedwa pa alimi a m'Zambia m'caka ca 2024, pamene cilala cinapsereza cimanga kufikira President Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti dziko liri pa tsoka, ndiye kuti Mulungu anadana ndi mkazi ali yense amene anapalira munda wace mokhulupirika. Ciphunzitso cotere cimamlanda mmphawi kawiri: cimatenga kangacepe kamene ali nako m'dzanja, ndi kumcotseranso citonthozo cakuti Mulungu amdziwa.

Ena adzati Zambia ndi dziko la Cikristu, cotero palibe cifukwa codandaulira. Nzoona kuti President Frederick Chiluba analengeza zimenezi pa 29 December 1991, ndipo mau amenewo analowa m'ciyambi ca malamulo a dziko mu 1996. Koma cilengezo ndi kalembera winanso. Cimabatiza mtundu wonse pa pepala osafunsa mtima wa munthu ndi mmodzi yemwe. Lundazi adziwa bwino cimene cimacitika munthu akaleka kuoneka ngati munthu nayamba kuoneka ngati wa gulu lakuti. Mu 1964, patatsala miyezi yocepa kuti dziko lilandire ufulu, nkhondo ya pakati pa otsata mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina, anthu a cipani ca UNIP ndi asilikari a boma inapha anthu oposa 700 m'maboma a kumpoto ndi kum'mawa, makamaka ku Chinsali ndi ku Lundazi. Ambiri a ophedwa ndi akupha omwe ankadziwa nyimbo za Mulungu. Cimene cinasowa ndi diso loona kuti wa mbali inayo ali ndi dzina lodziwika kumwamba.

Enanso adzafunsa kuti, kodi kukondwera ndi kucimwa? Iai ndithu. Munthu wolima kuyambira November ayenera kupuma ndi kudya cokoma, ndipo Yesu mwini anadya nao maukwati ndi maphwando kufikira adani ace anamneneza za icico. Coipa sindico nkhuku, koma mpanda umene wamangidwa mozinga nkhukuyo. Mwambo wa makolo unali wa cidyerano: mbale zocokera m'nyumba zonse zinkakumana pamphala, ndipo mwana wamasiye ankadya pamodzi ndi mwana wa mfumu popanda womfunsa kuti kwanu kwabwera ciani. Anthu osabatizidwa aja anasunga Krisimasi bwino kuposa zidzukulu zao zobatizidwa, zimene zimatseka citseko pakudya.

Aliponso amene amakana tsikuli konse, monga a Mboni za Yehova, ponena kuti palibe lemba lochula tsiku la kubadwa kwa Yesu. Pa mfundo imeneyi akunena zoona: Uthenga Wabwino suchula mwezi kapena tsiku, ndipo mbiri yakale koposa ya cikondwerero ca 25 December ndi ya ku Roma m'caka ca 336. Koma nkhalamba zambiri za m'midzi sizidziwa tsiku limene zinabadwa, ndipo palibe wokayika kuti zinabadwa. Mkristu sapembedza tsiku. Amakumbukira kuti Mulungu anadza. Ndipo wokana tsikuli moona mtima ali pafupi ndi coonadi kuposa woligwiritsa nchito ya kuledzera ndi kunyadira osauka.

Kukonza cinthu cimeneci sikufuna ndarama za boma kapena za alendo. Akulu a mpingo uli wonse wa kwa Kapichila angathe kukhala pansi December asanafike pakati, nachula maina a amasiye, odwala, akhungu ndi nkhalamba zosiyidwa za m'midzi yao, kenaka nagawana maina amenewo nyumba ndi nyumba, kuti pasakhale munthu wodya yekha pa tsikulo. Mlaliki angathe kunena paguwa, momveka, kuti wobvala nsanza alowe patsogolo. Mafumu a midzi angathe kudzudzula wogulitsa feteleza cifukwa ca mowa monga adzudzulira wakuba, pakuti akubera ana ace omwe. Anyamata ndi atsikana otsiriza sukulu, amene manja ao ali ndi mphamvu koma matumba ali opanda kanthu, ali ndi mphatso yoposa ya m'sitolo: m'mawa umodzi wopalira munda wa gogo wosatha kugwira khasu, mtolo wa nkhuni zouma m'nyengo ya mvula, ulendo wokaona wodwala ku cipatala ca ku Lundazi, kapena kumuimbira lamya mwana wa nkhalamba amene anakhalitsa ku Lusaka osatumiza mau. Akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo Mwana wobadwira ku Betelehemu anaukuza mwambi umenewu kufikira unakwana anthu onse.

Mudzi umene udzacita zimenezi udzadya mpunga wocepa, koma mwa iwo simudzakhala wobisala m'nyumba. Mkazi wamasiye akadzamva dzina lace likuitanidwa pakhomo m'mawa wa 25 December, adzadziwa popanda ulaliki wautali kuti Mulungu amene anatuma woitanayo sanamuiwale, ndipo pamenepo Krisimasi idzakhala itabwerera kwa mwini wace.