Makina Ayesedwenso za Tsiku la Tsoka

Masiku ano ntchito yaikulu yoyesa mapulogalamu a kompyuta sichitidwanso ndi manja a munthu. Mmisiri alemba pulogalamu yachiwiri, imene ntchito yake ndiyo kufunsa yoyambayo mafunso mazanamazana usana ndi usiku, ndipo mayankho akafanana ndi amene anayembekezeka, pa galasi paoneka chizindikiro chobiriwira. Akuluakulu a kampani akaona kubiriwirako mitima yawo ikhala pansi. Tsono ife tifuna owerenga athu aganizire funso ili: kodi mayeso amenewa afunsa pulogalamu chimene idzachita zinthu zikasokonekera, kapena angoifunsa zokhazo zimene adziwa kale kuti ikhoza?

Pa 4 June, 1996, roketi yatsopano ya maiko a ku Ulaya, yotchedwa Ariane 5, inanyamuka koyamba ku Kourou m'dziko la French Guiana, itasenza masetilaiti anayi a Cluster. Patangopita masekondi pafupifupi 40, ili pamtunda wa mamita 3,700, inakhota mwadzidzidzi, inathyoka nkuphulika. Bungwe lofufuza, lotsogozedwa ndi Profesa Jacques-Louis Lions, linatulutsa lipoti lake pa 19 July chaka chomwecho, ndipo zimene linapeza ziyenera kuwerengedwa ndi aliyense wogwira ntchito imeneyi.

Chipangizo chouza roketi kumene yaloza chinali ndi pulogalamu yotengedwa ku roketi yakale, Ariane 4. M'pulogalamumo munali nambala ina yokhudza liwiro lopita cham'mbali, imene inasamutsidwa kuchoka m'malo aakulu a ma bit 64 kulowa m'malo aang'ono a ma bit 16, momwe simulowa nambala yoposa 32,767. Kunali ngati kukhuthulira madzi a mumtsuko m'chikho. Pa Ariane 4 madziwo sanasefukirepo, pakuti njira yake youlukira sinafikitse nambalayo patali; koma Ariane 5 inathamangira cham'mbali msanga koposa, ndipo chikho chinasefukira. Amisiri anadziwa kuti panali manambala asanu ndi awiri okhoza kuchita zotere. Anateteza anayi, nasiya atatu, chifukwa sanafune kulemetsa kompyuta kupitirira magawo 80 pa 100 a mphamvu yake, ndiponso anakhulupirira kuti atatuwo sangakule chotero. Chomvetsa chisoni nchakuti gawo limenelo la pulogalamu linalibenso ntchito roketi itanyamuka. Linangosiyidwa likuyenda monga mwa mwambo wa roketi yakale.

Komatu kusefukirako sindiko kunagwetsa roketi. Chinaigwetsa ndicho chimene makina anauzidwa kuti achite akaona cholakwa. Lamulo linali lakuti chipangizo chikapeza vuto lililonse, chilengeze vutolo, chilisunge, kenaka chizime. Okonza anaganiza kuti vuto lidzachokera ku waya kapena chitsulo chowonongeka mwangozi, motero anaika chipangizo chachiwiri chodikirira. Koma zonse ziwiri zinali ndi pulogalamu imodzimodzi, ndipo chodikiriracho chinali chitazima kale kamphindi kochepa m'mbuyomo ndi nthenda yomweyo. Kompyuta yaikulu inalandira uthenga wonena za vutolo, niuyesa manambala a ulendo, ndipo inapotoza mipope yotulutsira moto mpaka pamapeto.

Lipotilo linanena poyera kuti chipangizocho sichinayesedwe ndi manambala a njira ya Ariane 5, ndipo kuti pa mayeso a roketi yonse m'malo mwake munaikidwa choyerekezera chabe. Ngozi itachitika, anadyetsa pulogalamu manambala enieni a ulendowo ali pansi, ndipo inalephera chimodzimodzi. Mayeso amene akanapulumutsa roketi anali otheka ndithu, koma anachitika maliro atatha.

Ena adzati zimenezo nzakale, ndipo amisiri a lero achenjera. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pa 19 July, 2024, zaka 28 zenizeni chitulukire lipoti la Lions, kampani ya CrowdStrike inatumiza fayilo yatsopano ku makompyuta a makasitomala ake, ndipo makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, monga inawerengera Microsoft, anaima. Ndege zinalephera kunyamuka, zipatala ndi mabanki anasokonezeka. Kampaniyo inavomera yokha kuti pulogalamu inafuna kuwerenga chinthu cha nambala 21 pamene inapatsidwa 20 zokha, ndipo kuti mayeso ake anali asanafike pa chinthu chomalizacho.

Tivomereza kuti palibe kampani ingayese zonse, ndipo mayeso adya ndalama ndi nthawi. Koma tiona kuti posankha zoyesa, anthu asankha zokondweretsa. Kuyesa kuti ndalama zafika kwa wolandira nkosavuta. Kuyesa chimene chichitika intaneti ikaduka pakati pa ulendo wa ndalamazo kufuna munthu wodekha, wodula dala intanetiyo, wotumiza dala nambala yopambanitsa kapena fayilo yodukiza, nayang'ana ngati pulogalamu yakana mwaulemu, yanena chifukwa chake, ndipo sinasiye ntchito ili theka. Ntchito yotere siionetsedwa kwa alendo, chifukwa chake ndiyo yoyamba kudulidwa tsiku lopereka likayandikira.

Pali chizolowezi china choipa koposa, ndipo amisiri achidziwa bwino. Mayeso akalephera kawirikawiri mosadziwika chifukwa, wina awalembanso kuti ameze cholakwa chilichonse nkupitirira, kapena awabwereza mpaka abiriwire. Mayeso otere afanana ndi mlonda wouzidwa kuti m'mawa uliwonse anene kuti kwacha bwino. Ife tiganiza kuti kuli bwino kusowa mlonda, pakuti mwini nyumba akadagona khutu limodzi lili panja. Woyesa cholakwa ayenera kutchula cholakwa chenicheni chimene ayembekezera, ndipo chikabwera china, kapena chikapanda kubwera konse, mayesowo alephere mofuula.

Mlandu umenewu sitiuika pa mnyamata wolemba pulogalamu. Bungwe la Lions silinaloze munthu chala. Linaloza maganizo akuti pulogalamu ili bwino kufikira itaoneka yolakwa, ndipo linalangiza kuti chipangizo chisamangozima, koma chipitirize kutumiza manambala abwino amene chingathe. Zotere zigamulidwa ndi akuluakulu ogawa ndalama ndi osaina mapangano. Choncho bungwe lililonse logula pulogamu, la boma kaya la malonda, lisakhutire ndi kuuzidwa kuti mayeso onse apambana. Lifunse kuti mwa mayesowo ndi angati ayesa kulephera, ndipo lipemphe kuti mmodzi wa ogulitsa azule waya pamaso pawo, onse aone chimene makina achita.