Njinga Yopanda Nyale M'nyengo ya Chisanu

Miyezi ya Juni ndi Julayi yafika. Dzuwa tsopano likulowa 6 koloko isanakwane, ndipo m'mawa nkhungu ikuchedwa kuchoka m'madambo. Iyinso ndiyo nyengo imene alimi a kwa Ngokwe, m'boma la Machinga, amakhala atakolola mpunga wawo, pamene asodzi a ku nyanja ya Chiuta ali ndi nsomba zouma zofuna msika.

Njanji yochokera ku Liwonde kupita ku Nayuchi inatsegulidwa m'chaka cha 1970, koma sitima siima pakhomo pa munthu aliyense. Thumba la mpunga lisanakwere lole kapena sitima, limayamba lakwera pa kaliyala ya njinga yakapalasa. Mlimi wofuna kupeza msika wa Nselema kapena wa Ntaja usanathe ayenera kunyamuka tambala woyamba atangolira, kunja kuli mdima wa ndiwe yani, manja atauma ndi chisanu. Munthu wotereyu ndi mzati wa chitukuko cha dziko lino, ndipo nyuzi ino ikumulemekeza.

Koma pali chinthu chimene sitingachibise. Njinga zambiri zimene zikulowa mumsewu wa tala zilibe nyale, zilibe chonyezimira kumbuyo, ndipo zina mabuleki ake ndi chidendene cha mwini wake. M'nyengo ya dzuwa woyendetsa galimoto amatha kuona njinga ili patali. Tsiku la chiperoni, mvula yowaza itanyowetsa galasi, amaiona atafika kale pafupi. Wapanjingayo naye wakulunga mutu ndi nsalu pothawa mphepo, kotero kuti hutala sakuimva bwino. Labala ya buleki ikanyowa sigwira msanga, makamaka njinga italemedwa ndi matumba awiri pamtsetse.

Zomwezi tikuziona m'tauni ya Liwonde ndi ya Balaka, kumene anyamata a kabaza amanyamula amayi ndi ana mpaka usiku. Kumeneko moyo umene uli pangozi si wa wopalasa yekha.

Ena adzati nyale ndi yodula. Tikumva. Koma amene anagonekapo m'bale wake pa chipatala cha boma ku Liwonde akudziwa mtengo wa ulendo wochokera kwa Ngokwe kukadwazika matenda, munda utasiyidwa wopanda mwini.

Tsono mawu athu akupita kwa inu apampando a nthambi ndi a madera, ndiponso kwa inu antchito a Boma. Mlangizi wa zaulimi, mlangizi wa zaumoyo ndi mphunzitsi amayenda pa njinga m'midzi momwemo, ndipo anthu amaona njinga zawo asanamve mawu awo. N'chamanyazi kuti munthu wolandira malipiro a Boma aziyenda usiku pa njinga yopanda nyale, kenaka n'kuimirira pamsonkhano kulangiza anthu za mwambo.

Nkhaniyi isayembekezere apolisi. Pamsonkhano wa nthambi ukubwerawu, wapampando ayambe waonetsa njinga yake, kenaka njinga zonse zoimikidwa pansi pa mtengo zionedwe mabuleki, belu, nyale ndi chonyezimira. Anthu akumbutsidwe kuyenda kumanzere kwa msewu, mondondozana osati mogundana mapewa, ndi kuvala chovala chowala akanyamuka m'bandakucha. Mafumu apemphedwe kulengeza zomwezi pa masiku a msika, mwezi wa Julayi usanathe.